Yapsa ya Nyali ndi Yapsa ya Nkhuku

Uthenga unandipeza ndili m'khitchini, manja ali m'madzi, ndikutsuka mpunga. Foni ija anandigulira mwana wanga, ya zilembo zikuluzikulu, inayamba kuvina patebulo. Ndinapukuta manja pachitenje, ndinadina pobiriwira, ndipo mawu a mdzukulu wanga Tiyamike analowa m'khutu ngati mluzu.

"Agogo! Yapsa!"

Ndinati, "Mayo ine, yapsanso? Itinso imeneyo?"

Mwana anaseka, anaseka, mpaka foni inatsokomola. "Ayi Agogo, yapsa ngati nkhuku! Pikapu yakhoza mayeso!"

Abale inu, ndinalulutira. Ndinalulutira ine Nagama, nkhalamba ya mawondo olira, mpaka mayi Fatuma a nyumba yogundana ndi yathu anagogoda khoma kufunsa ngati kwabadwa mwana. Kuno ku Leicester galimoto nayo imalemba mayeso chaka ndi chaka, amati MOT, ndipo ikalephera siyenda pamsewu. Pikapu ya mdzukulu wanga inali itakhoza. Koma kuti mumvetse chifukwa chake mawu amodzi aja anandiopseza kenako n'kundivinitsa, tiyeni kaye kwathu ku Tsangano, kumapiri a Ntcheu, kumene mawu amenewa anandipatsa dzina.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sukulu ndinali nditaisiya kale, inandithera m'Sitandade 2, ndipo mpaka lero zilembo ndimaziyenda ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. Malume anga a Lufeyo ndiwo anali ndi pikapu m'dera lathu lonse, pikapu yotuwa, yokalamba, chitseko chake chomanga ndi lamba. Ankanyamula kachewere ndi kabichi, ndi eni ake atakhala pamwamba pa matumba, kupita nazo ku msika wa Lizulu.

Galimoto za masiku amenewo zinalibe nzeru zodandaula zokha. Nyali ikafa kumbuyo inkangofa chinunu, woyendetsa osadziwa. N'chifukwa chake malume anandilemba ntchito, ntchito yanga yoyamba padziko lapansi. M'mawa uliwonse wa ulendo ndinkaima kumbuyo kwa pikapu, mapazi ali pa udzu wachisanu, utsi wofunda ukundinyambita m'miyendo, fungo la petulo ndi la matumba onyowa lili m'mphuno. Iwo ankatulutsa mutu pawindo n'kuyambitsa ngati nyimbo.

"Kumanja?"

"Yayaka!"

"Wati yayaka?"

"Ndati yayaka!"

Kumanzere chimodzimodzi, buleki chimodzimodzi. Kubwereza kumeneku kunkanditopetsa. Ndinkati mumtima, kodi malume makutu awo anawasiya pamkeka? Koma malipiro anali sikono ya ku Lizulu, yofewa ngati tsaya la khanda, ndiye ndinkangoyimba nawo.

Tsiku lina nkhungu inatsika ngati bulangeti lonyowa. Munthu ukatambasula mkono, zala osaziona bwino. Azimayi a kumsika anali atakwera kale, atadzikulunga mpaka m'mphuno, aliyense akufuna kukafika msika usanapole. Pakati pawo panali a Nachisale, mayi wa pakamwa ngati lumo, amene ngakhale agalu ankawapatukira.

Malume anati, "Buleki?"

Ya kumanja inangoti psuu. Ya kumanzere inangokhala, duu, ngati sinamve kanthu.

Ndinati, "Yapsa!"

"Wati yapsa?"

"Ndati yapsa, ya kumanzere."

A Nachisale anavundukula nkhope. "Chapsa n'chiyani kamwana iwe, mbatata ya amako? Ngati yapsa kaphule udye, ife tizipita!"

Pikapu yonse inaseka. Malume okha sanaseke. Anazimitsa injini, anatsika, anatulutsa kachitini ka fodya momwe ankasungamo babu atalikulunga m'kansanza, anamasula galasi lofiira lija ndi nsonga ya mpeni. Anaika babu latsopano, anabwerera, anaponda.

"Yayaka?"

Abale, sinayake. Maso onse a pamwamba pa matumba anali pa ine. Wina ankati dzuwa likukwera, wina ankati kabichi afota, a Nachisale ankati kamwana aka kali ndi maso a nkhuku, sikaona m'mawa. Koma nyali inali yosayaka, ndiye ndikanati chiyani?

"Sinayake, malume."

"Wati sinayake?"

"Ndati sinayake."

Anatsikanso, osakwiya, osafulumira. Anachotsa babu lija, anasuzumira m'kabowo kake, anandikodola. "Taona, mphwanga. Babu lilibe mlandu. Pokhalira pake ndi pamene padwala." M'kati munali dzimbiri, lofiirira ngati dothi la katondo. Anatola msomali, anayamba kupala pang'onopang'ono, lilime lili panja pakona ya mlomo, monga ankachitira akamagwira ntchito yofuna mtima. Anauzira, fuu, anabwezera babu, anakaponda.

Psuu! Diso lofiira m'kati mwa nkhungu, lokongola ngati duwa.

"Yayaka! Yayaka, malume, yayaka!"

Asanalize injini anatembenukira amayi aja. "Ine maso anga ali kutsogolo. Pamtsetse paja pakabwera lole kumbuyo kwathu m'nkhungu muno, chotiwombola ndi kadiso aka. Mwana uyu ndiye maso anga a kumbuyo. Womunyoza atsike ayende pansi."

Palibe anatsika. Madzulo pobwerera, a Nachisale sanapepese, sanali munthu wopepesa. Anangondiponyera pichesi lalikulu n'kunena kuti, "Wakha, iwe Nayapsa." Basi dzina linamera. Mudzi wonse Nayapsa, kudambo Nayapsa, mpaka tsiku la ukwati wanga ena ankafunsa kuti kodi Nagama ndi uti, ife tikudziwa Nayapsa.

Tsiku lomwelo, ndikudya sikono yanga, ndinalimba mtima n'kufunsa chimene chinkandisautsa. "Malume, bwanji mumabwereza zimene ndanena? Simumva?"

Iwo anati, "Ndimamva. Koma injini ikulira, mphepo ikuwomba, anthu akulongolola. Mawu akachoka pakamwa pako koma osafika m'mutu mwanga momwe unawatumira, ndiye kuti sunanene kanthu. Ndimawabweza kuti uwaone ngati ali omwewo."

Ndinangogwedeza mutu, mkamwa muli sikono. Za kunena zoona ndinazimva tsiku lomwelo. Koma za kubweza mawu zinadikira mpaka imvi, zinadikira mpaka ndege, zinadzandipeza kuno ku Spinney Hill, dera lathu la mu Leicester.

Kuno ndinabwera kudzakhala ndi mwana wanga Esinati, amene ndi nesi kuchipatala chachikulu. Tiyamike ndi mwana wake, anabadwira konkuno, anzake amangoti Tiya. Chichewa amamva, koma poyankha chimatuluka chosakaniza, theka chathu theka cha eni dziko. Chichewa chake chambiri anachitola m'khitchini mwanga: bwera udye, samba m'manja, usataye, wakhuta?

Mwanayu ankagwira ntchito ku tauni ina yotchedwa Corby, m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, zopanda windo. Ankapita pa basi ya shifiti, n'kubwera nkhope itatuwa ngati phulusa. Koma manja ake ndi a dothi, magazi a ku Tsangano. Kabwalo kathu ka kuseri, kochepa ngati mphasa ziwiri, anakasandutsa dimba, mpiru ndi nyemba ndi maluwa amene sindiwadziwa mayina. Ndiye anapirira, anadzimana, mpaka anagula pikapu yakale yoyera, kuti azinyamulira makina otchetchera kapinga ndi zinyalala za m'minda. Nyumba ina yosamalira okalamba inamulonjeza ntchito yosamala munda wawo wonse, ayambe Lolemba. Chotsala chinali chimodzi, mayeso a galimoto aja, Loweruka lake.

Ndiye kanabwera kanyali. Patsogolo pa chiwongolero, pamene pali mawotchi a galimoto, panayaka kachithunzi kachikasu. Zilembo zimandivuta, koma chithunzi ndimawerenga: kababu, m'kati mwake kandodo koima ndi kadontho pansi. Tiya anandiuza kuti galimoto za lero zimadzimva zokha, nyali ikafa penapake zimakuuza. Ndinati, ha, ntchito yanga ija anaipatsa makina!

Koma makinawo sankanena kuti yafa ndi iti. Mwana anayatsa nyali zonse, anazungulira pikapu, kutsogolo zikuyaka, kumbuyo zikuyaka, ya pa nambala ikuyaka. Kanyali kachikasu kali pomwepo, kakumuyang'ana. Kenako anakumbukira kuti munthu mmodzi sangaponde buleki n'kukaimanso kumbuyo. Amayi ake anali kuntchito. Analowa m'nyumba.

"Agogo, mungandithandize? Muime kumbuyo, muone ma light."

Inu simungadziwe mmene mawu amenewa anakomera. Dziko lino nkhalamba siipemphedwa kanthu. Zovala amachapa ndi makina, mbale makina, njira amafunsa foni. Umangokhala pawindo ngati duwa la m'chitini. Ndinavala jekete pamwamba pa chitenje, ndinatuluka ngati mtsikana wopita kuchinkhoswe, ndinakaima pamsewu wathu wopanikizana uja, fungo la samusa likuchokera kugolosale ya pakona, utsi wofunda ukundinyambita m'miyendo ngati kale.

Anaponda. Ya kumanja inawala kwambiri, psuu. Ya kumanzere inangokhala ndi kamoto kake kofooka komwe kanalipo kale, osawonjezera. Nayapsa anadzuka m'mafupa mwanga.

"Yapsa!"

Mkono unatuluka pawindo, chala chachikulu chili m'mwamba. Ndinati, eya, wamva. Anatsika nkhope itagwa, akung'ung'udza za kompyuta m'Chingerezi chothamanga, n'kundipsompsona pachipumi. Ndinaganiza kuti akudandaula za babu, ndinati mumtima, kanthu kakang'ono aka, mawa akagula. Ndinabwerera ku miphika yanga ndikuyimba.

Koma masiku otsatira mwana anasiya kuseka. Ankakhala m'pikapu mutu uli pansi pa chiwongolero, akuzula timafyuzi n'kutibwezera, akuonera anthu a pafoni akumasula magalimoto awo. Kanyali kachikasu osachoka. Chakudya ankangochitosa.

Lachisanu masana tinakhala patebulo atatu, Esinati ali pa ofu. Tiya anayamba kulankhula ndi amayi ake motsitsa mawu, m'Chingerezi, misozi ikulengeza. Ndinagwira mawu amodzi okha, Corby. Ndinaika sipuni pansi.

"Esinati, akuti chiyani mwanayu?"

"Akuti ku mayeso a mawa sapitako, Amayi. Akuti ngati nyali zonse zili bwino koma chenjezo silikuchoka, ndiye kuti vuto lili mu kompyuta ya galimoto, ndipo odziwa zimenezo alibe malo mpaka mwezi wamawa. Aimbira a kunyumba ya okalamba kuti apeze wina. Iye abwerera ku Corby."

"Nyali zonse zili bwino? Anamuuza ndani bodza limenelo?"

Esinati anandiyang'ana. "Akuti inu."

"Ine? Ine Nagama? Ndinakuwa msewu wonse kumva, ndinati yapsa!"

Tiya anadzutsa mutu. "Eya, Agogo. Munati yapsa. Ready. Zili bwino. Ngati mumanenera, nkhuku yapsa, bwerani mudye."

Kenako Esinati anaphulika. Anaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno, anaseka atagwira m'mimba, akumenya tebulo, nesi wamkulu wolemekezeka kuchipatala. "Mayo! Nyali yapsa, bwerani mudye! Tiya, mwana wanga, babu likapsa ndiye kuti lafa!"

"Lafa? Koma nkhuku ikapsa timasangalala!"

"Nkhukunso imakhala itafa, mwanawe!"

Tiya anaphimba nkhope ndi manja, kuseka ndi kulira pamodzi. "Chichewa n'chachinyengo, Amami."

Esinati anapukuta misozi. "Sukunama. Nyumba ikayaka timalira, nyali ikayaka timavina. Agogo akowa ndi amene anayenera kudziwa kuti akulankhula ndi mzungu."

"Mzungu ndiwe," ndinatero, "amene unalera mwana pa Chichewa cha mumphika."

Koma m'kati mwanga ndinamva mawu a malume Lufeyo, bwinobwino ngati ali pawindo la pikapu. Wati yapsa? Ine ndinatuma mawu, mwana anandibwezera chala, ndipo ndinalandira chala ngati yankho. Iye anamva zake, ine ndinamva zanga, tonse tikugwedezerana mitu mwachikondi, ntchito ya mwana ikupita kuphompho.

Mpunga unatsala m'mbale. Tiya anathamangira kusitolo ya zida za galimoto, anabwera ndi kabokosi. Anamasula nyali ya kumanzere, anatulutsa babu lakale, analiloza kumwamba kuti ndione. M'kati munali tinsinga tiwiri, kamodzi kali bwino, kena kataduka n'kupiringizika.

"Mwaona, Agogo? Aka ndi ka nyali ya nthawi zonse, n'chifukwa chake ndinkaona ikuyaka. Aka ndi ka buleki. Aka ndi kamene," anaima kaye, akulawa mawu, "kapsa."

Anaika latsopano. Ndinabwerera pamalo panga. Anaponda.

Abale, sinayake. Dziko linazungulira, ndinaona nkhungu ya ku Tsangano pakati pa nyumba za njerwa zofiira.

"Sinayake!"

Ulendo uno chala sichinatuluke. Unatuluka mutu. "Mwati sinayake? Kutanthauza palibe moto? Nothing?"

"Ndati sinayake. Palibe moto."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za pokhalira babu, koma mwana anali atagwada kale, akuunika m'kabowo ndi tochi ya foni. M'menemo munali dzimbiri lobiriwira, la madzi ndi mchere umene amathira m'misewu nthawi yozizira. Anatenga kapepala kokhakhala m'bokosi lake la zida, anakapinda, anayamba kupala pang'onopang'ono. Ndipo lilime, abale, lilime linatuluka pakona ya mlomo. Munthu amene sanawaonepo a Lufeyo ngakhale pachithunzi. Ndinatseka pakamwa panga, ndinangogwira jekete pachifuwa.

Anauzira, fuu. Anabwezera. Anakwera. Anaponda.

Psuu, kumanja! Psuu, kumanzere!

"Yayaka! Yayaka, mdzukulu wanga, yayaka!"

"Mwati yayaka? Yayaka yabwino, osati ya nyumba?"

"Yabwino! Ndati yayaka yabwino!"

Anazimitsa injini, anailizanso, anakuwa ali m'kati. Kanyali kachikasu kanali katapita, kababu ndi kandodo kake ndi kadontho kake, konse.

M'mawa mwake anapita ku mayeso, ndipo zotsatira zake ndi foni ija inandipeza ndikutsuka mpunga.

Tsopano ndine wamkulu, ndipo ndikuona chimene malume anandipatsa pamodzi ndi sikono. Ndinkayesa kuti ntchito ya woima kumbuyo ndi kukhala ndi maso ndi kusaopa a Nachisale. Zoona, imeneyo ndi ntchito. Koma ili ndi mnzake. Choona chimene wanena uyenera kuchiperekeza mpaka chikafike, makamaka ngati wochilandira ndi mwana wobadwira kutsidya la nyanja, amene amakukonda kwambiri moti amavomera asanamvetse. Ana athu a kuno akutitsogolera, chiwongolero chili m'manja mwawo, msewu akuudziwa kuposa ife. Ife malo athu ndi kumbuyo, ndipo si malo onyozeka. Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga ntchito yanga ya ubwana zaka zonsezi n'kudzandibwezera ku Leicester. Ndikuthokoza makina aja, amene amadziwa kudandaula koma sadziwa kuloza, chifukwa akanadziwa zonse ndani akanaitana Agogo? Tsopano Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, ine kumbuyo, Tiya kutsogolo, timayimba nyimbo ya a Lufeyo, ndipo aliyense amabweza mawu a mnzake.

Loweruka la mayeso lomwelo, dzuwa lisanalowe, nyumba inadzaza. Ndinaphika nkhuku, ndipo itapsa palibe amene analimba mtima kulengeza, onse ankangoyang'anana n'kuseka. Tisanadye tinatuluka tonse kukaima kumbuyo kwa pikapu, msewu kutsekeka, Tiya anatulutsa mutu pawindo n'kufunsa kuti buleki, ndipo khamu lonse linayankha ngati kwaya.

Anabwera mayi Fatuma ndi mbale ya samusa, osamva Chichewa koma akukuwa nawo yayaka. Anabwera a Nabanda a ku Hyson Green, mumzinda wina, pa sitima ndi pa basi, atamanga duku la Chisomo cha Mulungu. Anabwera a Chirwa ndi akazi awo a Nyakaunda, atangoweruka kosamalira okalamba, yunifomu ili m'thupi. Anabwera Lusungu ndi Mphatso, anzake a Tiya a pa basi ya ku Corby, akuti nawonso tsiku lina adzachokako. Anabwera a Tembo a ku Chipata ndi Chinyanja chawo chokoma, akuti mwacita bwino maningi. Anabwera Dalitso wa ku yunivesite ndi njala yake ya masiku onse. Analipo Esinati, mwana wanga, akusekabe. Analipo Tiyamike, mwini pikapu, mwini munda, mwini Lolemba. Ndinalipo ine Nagama, amene a ku Tsangano amati Nayapsa. Ndipo pamene nyali ziwiri zija zinati psuu pankhope zathu, analiponso malume anga a Lufeyo, lilime lili pakona ya mlomo.